Kaseti ya Mayi Halina

Lachinayi, mwezi wa Julayi, ku Buruburu.

Lero kunazizira, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo. Mayi Halina, amene amatiphunzitsa kwaya ku Lavington, mbali ina ya mzinda uno, anabwera ndi kaseti ya kwaya imene anaimbamo zaka zambiri kwawo ku Poland. Akuti kumeneko kuimba ndi ntchito. Anthu amadzuka m'mawa kupita kukaimba, limodzi ndi gulu lalikulu la oimba malipenga ndi zida zazingwe, ndipo ayenda mayiko ambiri. Anatiseweretsera kasetiyo, ndipo pamene mawu a oimba aakazi analowa onse pamodzi, thupi langa linachita tsembwe.

Titamaliza anandiitanira pambali. "Tamanda, ungaimbe wekha ndime ya nyimbo tikuphunzira ija Loweruka masana? Ndikujambula pa kaseti, nditumize kwa mnzanga amene amaphunzitsa oimba atsopano m'kwaya yathu ya ku Poland ija."

Ndinavomera ndisanaganize.

Loweruka lomwelo bambo akufika kuchokera ku Lilongwe kudzachita msonkhano, ndipo akufuna tidzadyere limodzi masana. Iwo akudziwa kuti ndili kunja kuno kuphunzira unamwino basi. Za kwaya sindinawauze, paja anandiuza kale kuti nyimbo sizidyetsa munthu.

M'matatu, minibasi ya kuno, ndimayeseza ndimeyo chamumtima mpaka ndinapitirira siteji yanga, kondakitala n'kumandiseka. Mawu okwera aja akundivutabe. Ndikachita mantha amasasa.

Ndikhoza kuwanamiza bambo kuti ndili ndi mayeso. Kapena ndipite nawo, akakhale kumbuyo andimve okha. Koma bwanji akadzangodzuka n'kutuluka nyimbo ili pakati, Mayi Halina akuona...