Mapiritsi a Malemu a Sitima

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu, makamaka dzanja lamanzere lija. Kodi layamba kugwira? Ife kuno ku Mzuzu tili bwino, kupatula mvula yosadziwa kukata ndi chifuwa cha mdzukulu wanu Noah, chimene chikungopita n'kubweranso.

Masiku ano ndikungokumbukira chaka chija nandolo anakanika ku Chiringa, ine ndili wamng'ono. Anzanu a Magret anabwera ndi kambale kudzabwereka mchere. Wanu unali wochepa, wa m'kansalu, koma munaugawa pakati ndi chala. Pobweza anadzaza kambale n'kuikapo tomato pamwamba. Ndinakula ndikunyadira chikondi chanucho.

Koma Amayi, zimene alamu anga a Sellina andiuza pa foni zandiumitsa thupi. Ndinali pamsika, mpaka ndinakhala pa thumba la makala la eni ake osadziwa. Akuti mapiritsi anu a kuthamanga kwa magazi, amene mumalandira kuchipatala, mumabwereketsa a Magret mutu ukawawawa. Iwo, posafuna kukhala ndi mangawa, amakubwezerani otsala a malemu amuna awo a Sitima, aja ankadwala khunyu. Poti onse ndi oyera ndiponso ang'onoang'ono, inu mumangowathira m'kabotolo kamodzi n'kumamwa m'mawa uliwonse.

Mankhwala a munthu amene tinamuika m'manda kalekale, Amayi! Tulo tija munkadandaula ndi chizungulire chija, ife tinkangoti ndi ukalamba. Mpaka tsiku lija munagwa m'munda, pakamwa patapindika.

Chandiopsa kwambiri ndi chimene achimwene a Davison andiululira. Akuti adokotala atafunsa ngati mumamwa mankhwala bwinobwino, munavomera. Potuluka munawalumbiritsa achimwenewo kuti asatchule dzina la a Magret, poti mayi mnzanu wa Mvano sangachititsidwe manyazi pamaso pa ana ovala zoyera. Atayesa kukudzudzulani, akuti munawafunsa kuti udokotalawo anauphunzira kudimba liti, ndipo atatchula kuti nanenso sindingasangalale nazo, munati tauni yandiphunzitsa kumana anzanga. Ndinaseka, koma misozi ikutuluka.

Sindikukunenani kuti munalakwa kukonda mnzanu. Koma taganizani: adokotala akuona ngati mankhwala awo akulephera, pamene ena anapita m'mimba mwa a Magret, ndipo m'thupi mwanu muli a matenda amene mulibe. Angakuthandizeni bwanji munthu wosauzidwa zoona? Mwadzukapo kamodzi, Amayi. Kugwa kwachiwiri n'kumene kukundisowetsa mtendere.

Pempho langa ndi limodzi. Kabotoloko musakataye kuchimbudzi ndipo musakabise kudenga. Kasungeni momwe kaliri kuti adokotala akaone okha.

Mundikhululukire, a Magret ndawaimbira ndekha. Ndinkaopa kuti andikalipira. M'malo mwake analira, n'kunena kuti ankaona ngati ndi tchimo kusunga mankhwala abwinobwino mnzawo atawathandiza ndi ake. Anandifunsa ngati ndi iwo apha mnzawo. Ndinawauza kuti mnzawoyo ali moyo, ndipo akutukwanabe ana ake.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa achimwene ndi alamu anga, ndi kwa adzukulu onse pakhomopo. Abambo a Noah akuti muchire msanga.

Achimwene alankhula kale ndi adokotala, ndipo adokotalawo avomera kukuonani inu ndi a Magret pamodzi Lachinayi likubwerali m'mawa. Ine ndinyamuka kuno Lachiwiri kuti tikapitire limodzi kuchipatala cha ku Boma. Musavutikenso ndi kubisa dzina la munthu. A Magret akuti abwera ndi otsala onse a malemu, ndipo apempha kuti oyamba kulankhula akhale iwo.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Zelifa