Ndinalemba Ndine, Koma Mfuti Sindinaigwirepo

Agogo,

Kuno ku Douai anthu akuti apongozi anga, a Hennequart, apuma pa uphungu atagwedeza Paris yonse ndi lilime lawo. Lilimelo ndi langa. Zaka khumi ndi ziwiri, chilichonse chimene ankawerenga ataimirira m'Nyumba ya Malamulo ndinkalemba ndine, yemwe amanditcha "loya watheka" poti maphunziro a zamalamulo ndinawasiyira panjira. Iwo paokha ngakhale kalata yoitanitsa vinyo imawakanika.

Chaka chatha ndinawalembera kuti Kaputeni Desrumaux anasiya asilikali ake kunkhondo n'kuthawa pa bulu. Aphungu anaseka mpaka misozi. Zoyankhula m'nyumba imeneyo munthu safunsidwa nazo, ndiye zinathera pomwepo. Koma atabwerera kuno mwezi wathawu, m'malo mothirira maluwa awo, madalawa anasindikiza zoyankhula zawo zonse m'kabuku n'kugawira aliyense, ndi wometa tsitsi yemwe. Ndinawachenjeza kuti tsopano ndi munthu wamba. Anandiyankha kuti, "Iwe, zamalamulozo unazimaliza liti?"

Lolemba kunabwera amuna awiri a makoti akuda, otumidwa ndi kaputeni. Kaputeniyo akufuna kuomberana mfuti ndi apongozi Loweruka, atatalikirana mapazi makumi awiri okha. Apongozi mfuti sangaithe, ngakhale supu imathera pa malaya. Alendo atapita anandiitana ndi mawu okoma amene sindinawamvepo: "Mkamwini wanga, ulemu wa mawu aja ndi wako. Ndikawauza wolemba weniweni."

Zaka zonsezi ndinkalakalaka anthu atadziwa kuti wolemba ndine. Lero ndikulakalaka asadziwe. Mkazi wanga Leonie ndi woyembekezera. Akungoti, "Sankhani nokha amene ndimulire, bambo anga kapena inu." Za bulu zija ndinangozimva kumowa. Ndipepese kuti tauni yonse indiseke, kapena ndipite Loweruka?

A.V., Douai

A.V. mwana wanga,

Kusekedwa munayamba kale, ndipo mukadali moyo. Loweruka musapite, apongozi anunso asapite.

Lero lomwe pezani amuna awiri okhwima maganizo, osati anzanu akumowa aja, akakumane ndi otumidwa a kaputeni. Ntchito ya anthu amenewa ndi kuthetsa nkhani mfuti zisanatuluke m'bokosi, ndipo ambiri amasangalala akapatsidwa pothawira. Lembani kuti za bulu munangozimva, umboni mulibe, ndipo mukubweza mawu. Musayine nonse, inu ngati wolemba, apongozi ngati wosindikiza, kenako zituluke m'nyuzipepala. Akamazengereza, akumbutseni kuti dzina limene lili pachikuto ndi lawo. Timabukuto tolerani tonse, kuyambira kwa wometa.

Cholembera chanu ndachiona, chimaluma. M'kalata yopepesayo musathiremo tsabola ngakhale pang'ono. Isanapite, Leonie ayambe waiwerenga, ndipo liwu limene alikane lichoke. Kaputeniyo munamunamizira pamaso pa dziko, kupepesa kumeneku n'koyenera ndithu.

Chenjerani ndi amene adzakuuzeni kuti masiku ano anthu amangoombera m'mwamba n'kukadyera limodzi. Mwana wa mchemwali wanga anauzidwa zomwezo ku Arras. Tinamuika m'manda mwezi wa Malichi, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

Agogo