Kalongonda wa Madzi Awiri

Lolemba, 8 Julayi 2024

Chiperoni kuyambira m'mawa, minda ya tiyi yosaoneka n'komwe. Pa bolodi la lesitilanti lero: nandolo wamuwisi, futali wa chinangwa, chigumu cha nthochi, manachesi. Zonse za m'munda mwathu ndi mwa anansi. Zogula m'sitolo ndi mchere ndi mafuta basi.

Madalaivala a pasiteji ya Luchenza amaliza chigumu 10 koloko isanakwane. Wina akuti, "Mayi Salome, manja anuwa ngodalitsika." Amuna anga a Fackson amva. Anali pabenchi panja, akunola mpeni wawo wodulira tiyi.

Titatseka, kuseri kwa khitchini: mbama ziwiri, chibakera cha m'nthiti. Akuti manja odalitsikawo atchinge tione. Sanatchinge.

Lachinayi, 11 Julayi

Kupuma kowawa. Mapoto akunyamula ndi Triza, mng'ono wanga, ine kumangoloza ndi chala ngati bwana wa ku esiteti.

Mlandu wanga ndi umodzi, akuti ndimaphikira amuna a dziko lonse. Zaka khumi ndi chimodzi za banja. Iwo ndi mkamwini pa malo a mayi anga, koma woyenda monyang'ama pakhomo pano ndine.

Kalongonda takolola. Mawa kuphika tsiku lonse, Loweruka kugulitsa.

Loweruka, 13 Julayi

Dzulo utsi wokhawokha. Kuwiritsa, kusenda, kuwiritsanso, kutaya madzi akudawo. Kasanu ndi kawiri, monga ankachitira mayi. Ukachita ulesi ndi kalongonda munthu amachita chizungulire, kusanza, kupenga, ena osadzukanso. Mlomwe aliyense amakula akudziwa zimenezi.

Lero kudzaza. Makalaliki a ku fakitale, amayi othyola tiyi, ngakhale alendo a ku Blantyre ojambula mbale asanadye. Ndinaseka mpaka kuiwala nthiti.

Masana a Fackson, fungo la kachasu patsogolo. Akuti ndamusekerera kalaliki. Anamenya theche chiwaya cha zitumbuwa, mafuta onse pa mwendo wanga. Khungu kusupuka ndikuona. Triza kukuwa. Makasitomala maso m'mbale, aliyense kutafuna mwaulemu.

Lamulungu, 14 Julayi

Malume a Winston, ankhoswe anga, abwera potuluka ku tchalitchi. Bala aliona. Akuti ndipirire, nsanje ndi chikondi chomwe. Adya chigumu zidutswa zitatu, china atenga cha akazi awo kunyumba. A Fackson kugwada, kupepesa bwinobwino, mawu ofewa ngati a mkulu wa mpingo.

Malume atangokhota pa msewu, mpeni uja m'manja. Nthochi zanga zonse pansi, zija ndinabzala matenda a chisaka atatha zakale, zina zili ndi mikoko. Kenako anandigwira mkono, kuugoneka pa thabwa lodulira anyezi, mpeni pamwamba. "Ukadzasekanso, ndi dzanjali."

Ndikuwadziwa. Nthochinso anayamba ndi kunena.

Lachitatu, 17 Julayi

Kalongonda wina pamoto. Nditataya madzi achiwiri ndinatapako kampoto kamodzi, kuthira mchere, tomato, kubisa kuseri kwa thumba la makala. Triza anaona. Anangotuluka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Tsiku lonse maso ku thumba la makala. Ndikuopa. Sindikudziwa ngati ndikuopa iwo kapena ine.

Lachinayi, 18 Julayi

A Fackson abwera 12 koloko, kukhala tebulo lapakati, kuitanitsa ngati kasitomala wolipira. Ndinawapakulira ndekha, kuwasambitsa m'manja nditagwada ndi mwendo wanga wowolawu. Mbale yoyamba, yachiwiri, kunyambita zala.

Ndiye ndinanena, mokweza, anthu onse akumva: "Mwadyayo ndataya madzi kawiri kokha."

Supuni ya munthu wina inagwa. Nkhope yawo ija, Mulungu andikhululukire, ndidzaikumbukira mokoma mpaka kufa. Kuthamangira panja, zala kukhosi, kukwawa m'matope a chiperoni, kuitana mayi awo omwe anamwalira kalekale. Bambo wodula nthochi uja kudzinyowetsa pamaso pa siteji yonse. Akabaza anawanyamula ngati thumba la chimanga, ulendo ku chipatala.

Zoona zake ndilembe muno. Kampoto kaja ndinakakhuthulira m'chimbudzi m'mawa. Adya kalongonda yemwe adya wina aliyense, wa madzi asanu ndi awiri. Sindinaphe munthu. Koma ndinafuna, ndipo ndinaima nako pakhomo pa chimbudzi nthawi yaitali.

Loweruka, 20 Julayi

Ku chipatala sanawapeze ndi kanthu. Iwo sakukhulupirira, akuti akumvabe kutentha m'mimba. Abwera ndi achimwene awo kudzatenga zovala ndi mpeni. Sanalowe. Triza anawapatsa madzi akumwa, analumpha chammbuyo. Apita kwawo ku Thekerani. Munthu sangakhale pakhomo pomwe akuopa ndi kapu yomwe.

Dzanja ndili nalo. Ndikulembera lomweli.

Koma mu lesitilanti mbee. Ndauza aliyense kuti linali bodza, onse kugwedeza mutu mwaulemu n'kukadya tchipisi kutsidya. Chigumu chonse kwa nkhumba za aneba. Triza akuti ndikanawanong'oneza, osati kulengeza ngati pa msonkhano. Akunena zoona. Kungoti ponong'ona pakanapanda mboni, ndipo mpeni wawo uja sunali patali.

Lachiwiri, 23 Julayi

Kasitomala mmodzi tsiku lonse. Olivia, wothyola tiyi, amakhala ku malaini a esiteti. Mpango wokokera kumaso, diso limodzi lotseka, mano awiri akutsogolo palibe. Anaitanitsa tiyi ndi chitumbuwa, osakhudza.

Ndikupukuta tebulo anandigwira chitenje. "Asisi, madzi awiri aja sanakwane eti? Ndiye kamodzi?"

Ndinakhala pansi. Kumuuza zonse, za chimbudzi, za bodza, kulumbira pa manda a mayi. Anangomwetulira ndi m'kamwa mwake mwa magazimo, akuti asisi musaope, sindiuza munthu. Akuti kalongonda wake wamuika kale pamoto, amuna ake aweruka 4 koloko, ana awatumiza kwa mlamu.

Wachoka ine nditapita kukatenga madzi oti asukuluze m'kamwa. Ino ndi hafu pasiti 2. Malaini alipo anayi, nyumba yake sindiidziwa, mwendo sukulola nsapato. Triza wathamangira kabaza woti tikamufunefune, ine ndi...