Kambedza Sindikasuntha

Lachitatu, pa 14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo msana uja wasiya kukuvutani. Kuno tilipo, kungoti mng'ono wanga dzino lina laguluka, ndiye akamaseka akumatseka pakamwa ndi dzanja.

Musadabwe kuti ndalemba kalata. Pafoni mukayamba kuyankhula ine ndimangoti eya, eya. Papepala pano simungandidule mawu.

Uthenga wanu amalume anafika nawo Loweruka. Akuti mwalamula kuti ine ndi mng'ono wanga tisamukire kwawo, amayi aang'ono atuluke, nyumba ikhale yokhoma mpaka mudzabwere. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndinali pafupi tsiku limene amayi aang'ono anakuuzani pafoni kuti ana akufuna inuyo, osati katundu amene mumatumiza. Amalume akunena zonsezi, amayi aang'ono anangonyamuka n'kukaphimba makina awo osokera ndi nsalu, kenako n'kuyamba kupinda zovala.

Ndiye Lolemba aphunzitsi a Chingerezi anatipatsa ntchito. Anati aliyense alembe chiganizo chimodzi chachitali chosonyeza mwini wa chinthu, chokhala ndi mawu olumikizira, komanso chonena nthawi imene zinthuzo zidzachitike. Pachingerezi, Amayi, mwini wa chinthu amamusonyeza ndi kambedza kam'mwamba, konga kamene timaika polemba ng'ombe. Mwini akakhala mmodzi, kambedza kamatsogola, s n'kutsatira. Eni akakhala angapo, s ndiye amatsogola, kambedza n'kubwera kumapeto.

Ine ndinalemba chonchi: "I will stay in my mothers' house, and when my mother comes, she will find her sister's machine at the window." Ndiye kuti ndikhalabe m'nyumba ya amayi anga, ndipo amayi akadzabwera adzapeza makina a mng'ono wawo ali pawindo. Koma muyang'anitsitse pa mawu akuti mothers'. Kambedza ndinakaika kumapeto.

Aphunzitsi anakazunguliza ndi cholembera chofiira n'kundiitanira kutsogolo. Mukundidziwa inu, kuima pamaso pa anthu sindimakukonda.

"Kodi iwe unabadwa kawiri?" anatero, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

Anandifotokozera bwinobwino kuti pa Chingerezi mayi amakhala mmodzi, mng'ono wawo wa mayi ako amatchedwa aunt. Ine mawu amenewo sindiwafuna. Amangowunjika pamodzi azakhali, akazi a amalume, ngakhale mayi aliyense wodutsa mumsewu. Munthu amene amandiluka tsitsi, amene anagona pansi kuchipatala mng'ono wanga atadwala, amene anandisokera yunifolomu yomwe ndinavala tsiku limenelo, ndimuike mulu umodzi ndi wodutsa mumsewu?

Sindikudziwa kumene mawu anachokera, koma ndinangomva ndikuyankha. "Kambedza kali pamalo pake, aphunzitsi. Amayi ndili nawo awiri, ndipo nyumbayo ndi yawo onse."

Kuseka kuja kunatha. Aphunzitsi anati mwa malamulo a chiganizo sindinalakwe, koma wochonga mayeso sadzadziwa za kwathu, adzangoti ndaphonya, choncho ndisinthe. Ndinati sindisintha. Anandichotsera malikisi, ndipo sindikudandaula.

Ndikubwerera pokhala, anandifunsanso china chapansipansi, ngati mawu akuti when ndinawasankha dala. Anati ife tikati "ndikabwera" timabisala, chifukwa mawu amodzi omwewo akhoza kutanthauza kuti kubwera kulipo ndithu, kapena kuti mwina. Chingerezi sichilola zimenezo. When ndi wa munthu amene akubweradi, if ndi wa amene sakudziwika. Ndinawauza kuti ndinasankha dala.

Amayi, kuyambira muja munachokera mwakhala mukunena kuti "ndikabwera". Ndikabwera tidzapenta chipinda. Ndikabwera tidzakambirana. Sindinakufunsenipo kuti ndi kubwera kwake kuti, chifukwa sindinkadziwa kuti kulipo kuwiri.

Ndiye ndikuuzeni mwaulemu wonse kuti sindisamuka. Amalume akabwera Lamulungu kudzatitenga, adzandipeza nditakhala pakhomo, ndipo ngati akufuna kukhoma nyumba adzakhomere ine momwemo. Nsalu ija ndaichotsa pamakina. Zovala zimene amayi aang'ono amapinda masana, ine ndimazibwezera m'kabati akatuluka. Anandikalipira kuti ndisalowerere nkhani za akuluakulu, ndipo sakudziwa kuti ndakulemberani, choncho musawaimbire foni yowakalipira. Ngati pali wokalipiridwa, ndine.

Sindikukana kuti nyumbayi munaivutikira ndinu. Koma denga likamadontha amene amatchera mabeseni ndi iwo. Mungathe kundilanga mmene mungafunire, koma kambedza kaja sindikasuntha.

Mng'ono wanga akuti moni, ndipo dzino lija wakusungirani kuti mudzalione. Amayi aang'ono sanandiuze kuti ndikupatseni moni. Koma diresi lanu labuluu lija ayambanso kulisoka dzulo, ndipo anayezera pa ine mapewa ake, akuti ndakufikani msinkhu.

Mukamayankha musavutike ndi kulemba zambiri. Mungondilembera liwu limodzi, when kapena if.

Ndine mwana wanu woyamba,
wa inu nonse awiri.