Kope Losokedwa ndi Ulusi Wakuda

Lolemba, 3 Marichi

Sabata yatha chiikireni a Sizasi m'manda. Tebulo lawo lodulira nsalu lili momwemo, choko chotheka, tepi pamsomali. Zaka 14 tikusoka mayunifolomu limodzi, iwo kudula, ine mabatani ndi kusita. Dzinalo sanalipatire ntchito yokha, pakamwa pawonso pankadula. Ine ankanditcha Batani.

Masana kwabwera mwana wawo wamkazi ndi kope. "Amayi anati ndikupatseni pakatha sabata. Akuti tsamba limodzi patsiku, osaba." Masamba asokedwa m'mphepete ndi ulusi wakuda, lililonse palokha. Msoko wawo ndithu, waung'ono, wolimba. Akuti ankasoka ali pabedi kuchipatala.

Ndadula ulusi woyamba. Deti la lero. "Ambuye, Batani wakhala pampando wanga. Muuzeni adzuke, malaya akumudikira."

Ndinali pampando wawo. Ndaimirira, ndabwerera ku malaya.

Lachitatu, 5 Marichi

Ikakwana 12 tinkalowa m'chipinda chosungira nsalu, mphindi khumi pakati pa mipukutu. Iwo kupemphera, ine kuvomereza. Zaka zonsezi sindinatsogolerepo, ankandinena kuti ndimapita kwa Mulungu ndili kumsana kwa mnzanga ngati khanda.

Lero ndalowa ndekha. Mpukutu wa khaki ukadali ndi kadzenje pamene ankakhala. Fungo la mafuta awo opaka m'mawondo. Ndatsegula pakamwa, palibe chatuluka.

Tsamba la lero: "Sanadye masana ano. Mukumudziwa, akakhumudwa amalanga mimba." Kontena yanga ya chakudya inali chitsekere m'chikwama.

Lachisanu, 7 Marichi

"Ambuye, chotupa cha kubere lakumanja chija wachigwiranso posamba. Chakula. Iye akuti ayi."

Sindinauzepo munthu. Iwo ayi, bambo a ana ayi. Kadi la kuchipatala lili pansi pa bokosi la mabatani, ndajomba kawiri konse. Amayi anga analowa pakhomo la chipatala chomwecho ndi miyendo yawo, tinakawatenga atafundidwa kumaso. Ine ndikalowemo kukatani?

Ndasuzumira pakona pa tsamba lomaliza, osadula. 18 Marichi. Tsiku lomwe lili pakadi. Kuseri kwake kope latha.

Ndasoka mabatani asanu ndi limodzi kumbali yolakwika, abwana andiuza ndimasule.

Lamulungu, 9 Marichi

Abusa ayamba phunziro la aneneri. "Mneneri si woombeza ula. Natani sanauze Davide za mawa, anamuuza za dzulo, zimene mwini wake ankazidziwa koma atazikwirira. Ndi mnzako yekha angalowe m'nyumba mwako ndi mawu otere." Anatinso wonyenga umamudziwa mawu ake akagwa pansi osachitika.

Anthu kugwedeza mitu. Ine kuwerenga pazala, masiku asanu ndi anayi.

Lero sindidula. Mawanso. Munthu wakufa asandiyendetse ngati mbuzi ya pachingwe.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndalephera. Ndadula atatu pakamodzi. Tsamba lachitatulo: "Wadumpha masiku awiri. Ndi mantha, Ambuye, si mwano. Nanenso ndikuopa pano."

Nthawi ya 12 ndili pakati pa mipukutu ndamva sizasi ikuyenda patebulo, mayendedwe awo aja, katatu motalika kamodzi mofupika. Ndatuluka. Palibe munthu, onse ali panja kudya. Sizasi pamalo pake. Ndaigwira, yozizira.

Ndamuuzako pang'ono mayi wa pamakina osokera m'mphepete a ovaloko, za chotupa ayi. "Liwotcheni, asisi. Akufa salemba makalata." Machesi ndinagula pobwerera, ndinafika nawo mpaka kuseri kwa nyumba. Koma zilembo. Masamba oyamba zaima bwinobwino, awa zayamba kupendekeka, pena cholembera chaboola pepala. Munthu ankalemba izi ululu uli pakati. Machesi ndawaika kukhitchini.

Lachisanu, 14 Marichi

"Zikomo Ambuye, lero Batani wawauza bambo a ana ake. Ndimadziwa kuti atero."

Bodza. Sindinawauze, ndipo maganizo amenewo ndinalibe. Ndaseka ndekha mpaka misozi. Aphonya! Ndiye kuti 18 ndi tsiku wamba ngati ena onse. Ndadya kontena yonse, koyamba sabata ino.

Cha m'ma 3 kuseka kunatha. Zaka 14 mayi uja sananameko, ngakhale kwa kasitomala wonenepa wofuna kumva kuti wachepa. Ndiye bodza lake loyamba alinene ali m'manda, pamaso pa Mulungu, chifukwa cha ine? Ndiyang'ana pawindo, dzuwa likadalipo.

Ndawapeza bambo pakhonde akupukuta nsapato. Ndanena ndili chiimire, chikwama chili paphewa. Apukuta nsapato imodzimodziyo nthawi yaitali. "Chiyambire liti?" Ndati Okutobala. "Ndiye ine m'nyumba muno ndine ndani, mlendo?" Kenako alira. Zaka 22 za banja sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a bambo awo.

Tsambalo lanena zoona isanakwane 6. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndiope.

Lolemba, 17 Marichi

Bambo atenga tchuthi cha mawa. Andisitira okha diresi, aliwotcha pakolala.

Tsamba la lero n'lovuta kuwerenga. "Ndinaona atayamba kusita ndi dzanja lamanzere. Kadi ndinalipeza mu Januwale ndikufuna batani loyera. Ndinakhala chete kudikira kuti anene yekha, ine wapakamwa ponseponse. Pamenepo ndinachimwa, Ambuye. Aneneri anu akale aja sankadikira kufunsidwa."

Ndiye palibe zamatsenga, ndi maso chabe. Munthu kundiyang'ana zaka 14 mpaka kudziwa tsiku limene ndidzachite mantha. Ndawakwiyira chifukwa chosegula bokosi langa. Ndawasowa kwambiri, pachifuwa pakuwawa kuposa chotupacho.

Koma sizasi ija ndinaimva. Abwana akuti ndi fani. Fani inafa chaka chatha.

Watsala ulusi umodzi.

Lachiwiri, 18 Marichi

Pabenchi kuchipatala. Nambala 23, aitana 19. Makoma obiriwira, fungo lomwe lija la tsiku la amayi. Bambo apita kukafuna madzi, ndikuganiza kuti akungofuna pobisa nkhope.

Ulusi ndadula ndi mano. Deti pamwamba. Mizere iwiri yokha, zilembo zikugwera pansi.

"Lero sindikuliona, Batani. Ndafunsa, sanandionetse. Upemphere wekha, akukudziwa kale, ndakhala ndikukutchula."

M'munsi mwake pepala loyera mpaka kumapeto.

Aitana 21. Mayi wapafupi nane walowa, wasiya thumba lake pabenchi. Ndingolembabe mpaka andiitane.

Ambuye, ndine. Mawu anga simunawazolowere. Sindidziwa poyambira, mnzanga uja ankayamba ndi kuthokoza. Zikomo chifukwa cha iye. Ndikuopa. Aitana 22. Ndikuopa kwambiri koma ndabwera, ndi miyendo yanga, ndipo kaya anena zotani m'katimo, musandisiye pa