Mfundo Ziwiri pa Chingwe

Lolemba, 2 Juni
Amake a Katimba aimba foni. Mawu ouma gwaa. Akuti Loweruka mwana wathu akukwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, ngati ndikufuna ndipite, koma "osabwera chimanjamanja ngati ulendo uja." Ulendo ujatu ndi zaka zitatu zapitazo, asanakwatiwe ndi bambo wagalimoto uja. Chichokereni, mwana sindinamuonenso.
Ntchito lero yakufa. Tsiku lonse kumata nsapato imodzi. Guluu naye akutha.

Lachiwiri, 3 Juni
Ndazungulira msika wonse. Ndinatola chidole chatsitsi lalitali. Mayi wogulitsa malaya pafupi ndi benchi yanga waseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, mtsikana wa msinkhu umenewo ndi chidole? Akufuna foni ameneyo." Foni! Yangayi n'njomanga ndi mphira.
Wandifunsa zimene mwanayo amakonda. Ndati zofiira. Iye: "Amakonda kapena ankakonda?" Pakamwa pa mayi ameneyu pali lumo. Ndabweza chidole. Masana sindinadye.

Lachitatu, 4 Juni
Basi, ndimusokera nsapato ndekha. Wagalimoto akhoza kumugulira sitolo yonse, koma kusoka sangathe.
Chingwe chija ndachipeza m'chitini cha misomali. Ndinayezera phazi la Katimba tsiku limene ankachoka ndi amake, iye akuseka kuti ndikumugirigisha. Mfundo ikadali pomwe ndinamanga. Ana a makasitomala ndimawawonjezera chala chimodzi pa chaka. Iye ndamuwonjezera ziwiri zokha m'malo mwa zitatu. Mwana wanga ndimamudziwa, n'ngwa timiyendo. N'chifukwa chake ndinamutcha Katimba, ngati kambalame kaja.

Lachinayi, 5 Juni
Chikopa chofiira chadya ndalama ya chakudya ya sabata yonse. Zilibe kanthu. Ndabweza kasitomala wa jombo, wapita akutukwana.
Mantha. Nanga akakandiyang'ana ngati wogulitsa makala? Nanga akamutchula wagalimotoyo kuti adadi ine ndili pomwepo?

Lachisanu, 6 Juni
Zatha. Zokongola, sindinama. Kalamba kapamwamba, m'kati ndayalamo kachikopa kofewa. Mayi wa malaya wazitembenuza uku ndi uku, sananene choipa. Kwa iye kumeneko ndiye kuyamikira. Wandipatsa pepala lokutira, ulele.

Lamulungu, 8 Juni
Dzulo sindinalembe. Dzanja linakana.
Ananditsegulira geti mtsikana wamtali, wofika paphewa langa. Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati Katimba alipo. Anali iye.
Anandipatsa moni wa manja awiri, waulemu, wa alendo. Anandikhazika pampando wa pakona. Pathebulo mphatso mbwee: chikwama, mahedifoni, foni yomwe ija. Chofiira panalibe ngakhale chimodzi.
Atamasula pepala ndinayang'ana phazi lake. Ndinadziwa pomwepo. Zaka zonsezi ndikugwira mapazi a ana a eni ake, la mwana wanga ndalilakwitsa. Amake anatsonya. Wagalimoto anayang'ana kudenga, munthu wabwino, n'chimene chikundipweteka kwambiri.
Koma mwana anakankha phazi mpaka linalowa. "Zandikwana, adadi."
Adadi. Kwa ine.
Anakakamira kundiperekeza pokwerera basi atazivala. Amayenda mowongoka, akundiuza za kusukulu, za mpira, kuti ndiye amakhala pagolo. Sindinkadziwa. Ine maso ali pansi. Munthu amene nsapato ikumuluma ndimamudziwira kutali, amaponda ndi m'mbali. Njira yonse anaponda ndi m'mbali.

Lolemba, 9 Juni
Benchi sindinatsegule. Dzulo ndinasiya osalemba zina.
Pasiteji ndinamuuza kuti avule. Anakana. Ndinagwada n'kumuvula ndekha. Chithendene chosupuka, magazi pasokosi. Ndinalira, anthu akuona.
Anandifunsa mmene ndinadziwira saizi. Ndinatulutsa chingwe m'thumba. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaponda pabondo langa. "Yezaninso. Koma zikhale zakuda. Ndipo musachedwe, limakula msanga."
Nsapato zofiirazo anakana kundibwezera.
Chingwe chili pano pathebulo. Mfundo yakale, mfundo yatsopano. Ndayeza mpata wa pakati: chikhatho changa chonse chakwanamo. Pamenepo ponse ine kunalibe.
Chikopa chakuda ndilibe. Mawa ndigulitsa wailesi.