Makalata a Apongozi Obwezedwa Pakhomo

Nakatindi,
Livingstone

Okondedwa alongo anga, Amake Natasha,

Landirani moni wochokera kuno. Muli bwanji ku Katete? Nanga mwendo wa amayi, kutupa kuja kwachepa? Ife tilipo, mlamu wanu Keziah ndi ana ali bwino, kungoti dzuwa la kuno latiumitsa milomo. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa mumandidziwa: ndikayamba kufotokoza ndi pakamwa ndimakweza mawu, inu n'kudula ndisanafike pa mfundo.

Mfundo yake nayi. Loweruka likubwerali, pa mwambo wovundukula chiliza cha atate, ine sindidzakhalapo. Musandiweruze musanawerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti pa loji ya ba Mudenda ndine woyang'anira makompyuta, ntchito yomwe ndinadziphunzitsa ndekha. Alendo athu ambiri amatipatsa ndi ba Mukela, mdala wa Chilozi amene ali ndi kampani yoyendetsa alendo kumathithi ndi kumudzi wa Mukuni. Akapeza gulu amatitumizira imelo, kunena tsiku ndi zipinda zofunika. Mwezi uno maimelo awo anangosiya kufika, ife osadziwa. Tinadzidzimuka minibasi itaima pageti, alendo ochokera kunja akutsitsa zikwama, pamene zipinda zonse tinali titapatsa anthu a msonkhano wa tchalitchi. Ba Mudenda anachita kuperekeza alendowo okha ku loji ya kutsidya kwa msewu, nkhope ili pansi. Atabwerako anandiuza pamaso pa antchito onse kuti tchuthi changa chafa mpaka maimelo ayambenso kulowa, ndipo gulu lina likadzabwezedwa, inenso ndidzalitsatira ndi chikwama changa.

Ndinafufuza ponseponse. M'bokosi la zinyalala munalibe. Sefa yotchinga maimelo achabechabe yomwe ndinaika ndekha ndinaichotsa, osathandiza. Maimelo a anthu ena onse akulowa bwinobwino. Kenako ndinaimbira kampani yomwe imatisungira maimelo, ndipo mayi wa kumeneko anandiwerengera zomwe makina awo analemba. Makalata a ba Mukela amafika ndithu, koma amabwezedwa pakhomo asanalowe.

Ndikufotokozereni mwachindunji. Masiku ano akuba amatumiza maimelo m'dzina la ena, ndiye kampani imalengeza pa intaneti makina amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina lake. Chilengezocho amachitcha SPF. Imaikanso chidindo chobisika pa kalata iliyonse, n'kulamula olandira chochita ndi kalata yobwera popanda zimenezi. Ba Mukela, poopa akuba, analamula kuti yotereyo izikanidwa basi. Palibe cholakwika pamenepo. Koma mwezi watha anagula pulogalamu yatsopano yosungitsira malo, yomwe imatumiza makalata kuchokera ku makina ena, ndipo palibe anakumbuka kuwalembetsa makinawo kapena kuwapatsa chidindo. Ndiye kuti mdalayo anauza alonda onse kuti munthu wopanda chitupa asalowe, kenako n'kutuma mthenga wake wopanda chitupa. Mlonda walakwanji?

Ndinapempha mayi uja kuti atitsegulire ife tokha. Anakana, amvekere lamulo ndi la mwini dzina, iwo sangaliphwanye. Ndinamukalipira, koma mumtima ndimadziwa kuti akunena zoona. Kukonza kwake ndi timizere tochepa ta zilembo, ntchito yotha tiyi asanazizire, koma tiyenera kulembedwa kumbali ya ba Mukela. Makiyi ake ali ndi iwo, ine ndilibe.

Msampha uli apa. Ba Mukela ndi apongozi a ba Mudenda, bambo awo a ba Namasiku, akazi a bwana. Bwana yemwe amatibangulira ife tsiku lonse, akangomva galimoto ya apongozi pageti amavula chipewa n'kuzembera kukhitchini. Nditawafotokozera anati mkamwini sangapite kukauza apongozi kuti kwawo kuli cholakwika, ndiye ine ndipeze njira ina. Alongo, njira ina kulibe.

Choncho ndinapita ndekha ku ofesi ya ba Mukela pafupi ndi msika wa Maramba. Ndinawapeza ali ndi madalaivala awo. Ndinapereka moni ndili chiimire, n'kuwauza monga ndimayankhulira ine kuti vuto lili kwa iwo osati kwa ife, ndipo amene anawaikira pulogalamuyo anasiyira ntchito panjira. Sindinatukwane munthu. Koma mdalayo anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kundifunsa kuti ine ni mwana wa ndani, ndipo ngati kwathu kum'mawa akulu timawauza zolakwa titaima ngati mtengo wa magetsi. Madalaivala anaseka. Ine ndinayankha kuti kompyuta siidziwa imvi. Apo ndiye ndinaputa mavu. Anandiuza kuti ndituluke, ndipo ndisanafike kuloji nkhani inali itafika kale.

Chiyambire tsikulo ndimangokhala pakauntala ngati mbuzi ya pachingwe, kuimbira madalaivala aja mmodzimmodzi kuwanyengerera kuti andiuze ngati kukubwera gulu. Ena amayankha. Ena amayamba andifunsa ngati kompyuta yanga yaphunzira ulemu. Kutuluka sindingatuluke, kukonza sindingakonze, kusiya ntchito ana adya chiyani? Ndamva kuti maloji ena nawonso makalatawo sakuwaona, koma aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kunena.

Dzulo ba Namasiku anandiitanira kuseri kwa khitchini. Anati bambo awo sakukana kuti mwina ndinanena zoona, koma sangalole kanthu kukhudzidwa chifukwa cha mawu a munthu amene anawachititsa manyazi pamaso pa antchito awo. Ndiyenera kupita kunyumba kwawo, kugwada pakhomo, kuomba m'manja monga achitira Alozi, n'kupempha ngati kuti ine ndiye ndalephera ndipo ndikufuna thandizo. Ndinafunsa ngati ndingapite nthawi yomweyo kuti zithe, ndikwere basi ya ku Katete. Anati mdalayo ali kumaliro ku Mongu, abwera Lachisanu madzulo, ndipo adzandilandira Loweruka m'mawa. Osati tsiku lina. Ndipo mphekesera za madalaivala zikuti Lamulungu kukubwera gulu lalikulu.

Nditafika kunyumba ndinauza Keziah kuti sindigwadira munthu pa mlandu wake womwe. Sananditsutse. Anangotulutsa thalauza lakuda lija ndinagulira mwambo wa atate n'kuyamba kulisita, amvekere nsalu yake ndi yolimba, mawondo sang'ambika.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi muwauze inuyo, mutakhala nawo pansi, asamve kwa anthu ena. Musawanamize kuti ndadwala, bodza sindilifuna. Muwauze kuti mwana wawo wapita kukagwada. Mwina adzaseka, chifukwa atate anayesetsa moyo wawo wonse kundiphunzitsa zimenezi, kundiuza kuti ukayenda uzisiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wanga wanditsata mpaka wanditsekera njira ya kumanda awo. Nsalu ya pachiliza aichotse mng'ono wanga Eugene m'malo mwanga, ndipo amenewa akhale mawu a amayi, kuti pasakhale wong'ung'udza.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, kwa Eugene ndi akazi ake, ndi kwa mphwanga Natasha. Pa nthawi imene muzidzaimba kumandako, dziwani kuti inenso ndavala thalauza la mwambo, ndili pa mawondo pakhomo la eni ake, timizere tokonzera maimelo tija tili papepala m'thumba. Atate muwauze kuti phunziro lawo lafika, ngakhale lachedwa.

Ine mlongo wanu,
Bonface